Laputopu Yachibwibwi ya ku Kawama

Ku Kitwe ndinapita chifukwa cha wailesi. Kwathu ku Mchinji ndinkakonza mawailesi pakhonde la golosale ina, ndipo tsiku lina munthu woyendetsa lole yopita ku Zambia anandibweretsera yake itapsa. Ndinaikonza iye asanamalize kumwa tiyi. Pochoka anandiuza kuti mlamu wake ali ndi shopu yokonza makompyuta kumigodi, ndipo akufuna munthu wodziwa kuwotcherera timawaya ting'onoting'ono. Kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo, koma ndinavomera. Mkazi wanga anali ndi mwana wa miyezi yochepa kumbuyo. Sanakane, sanavomerenso. Anangochapa zovala zanga zonse, ndi zomwe sindinkafuna kutenga zomwe.

Tinadutsa ku Chipata, ku Lusaka, ku Kapiri. Chimene ndinayamba kuona ku Kitwe ndi phiri lakuda la zotsalira za mumgodi, lopanda udzu ngakhale umodzi. Kenako ndinayamba kutsokomola. Anthu a m'basi anandiseka, akuti ndi senta, utsi wochokera ku ng'anjo yosungunulira mkuwa, ndipo ndizolowera. Ndinazoloweradi.

Mwini shopu anali Ba Zulu. Bambo awo anachokera ku Chipata kudzagwira ntchito ya mumgodi, koma iwo anabadwira ku Kitwe komweko. Kwa makasitomala ankalankhula Chibemba, pafoni Chingerezi, kwa ine Chinyanja chawo chosakaniza zonse zitatu.

"Imwe Ba Malawi," anatero tsiku loyamba, "kompyuta ni wailesi chabe, koma iganiza. Muzaphunzila."

Dzina limenelo linandikanirira. Ku Chimwemwe, kumene ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi anzanga awiri, wina wowotcherera zitsulo kumgodi, wina wogulitsa kaunjika pamsika, palibe amene ankadziwa dzina langa lenileni. Tinkaphika pa mbaula imodzi mosinthana. Wowotchererayo atapsa dzanja tinamusambitsa milungu itatu, ndipo ine nditadwala malungo ndi iye anandibereka kukafika pamsewu. Kumudzi ndinkatumiza zinthu kudzera kwa wa lole uja: zitenje, shuga, ndi nsapato za mwana zimene nthawi zonse zinkafika zitamuchepa kale, poti msinkhu wake ndinkangoganizira.

Makompyuta amene anadutsa m'manja mwanga zaka zimenezo ndi ambiri, ndipo ochuluka ndawaiwala. Imodzi yokha ndiyo ndimaikumbukira mpaka zomangira zake.

Anabwera nayo mayi wina wochokera ku Ndola, ku Kawama, dzina lawo Mai Esinati. Anali ataikulunga m'chitenje. Inali laputopu yakale, yokhuthala ngati Baibulo la paguwa, ndipo anapatsidwa ku ofesi ina kumene ankagwira ntchito yotayipa, ofesiyo itatsekedwa. Kuyaka kokha inkatenga nthawi yoti munthu apite kukagula vitumbuwa n'kubwerako. Koma dandaulo lawo lalikulu linali la mawu.

Anatiyatsira kuti timve. Munali mawu a munthu wachikulire akuimba, koma nyimboyo inkangoduka, kubwereza chilembo chimodzi kanayi, kudumpha, kenako n'kupitirira patsogolo ngati munthu wachibwibwi.

"Awa ni atate," anatero.

Bambo awo, a Mbewe, anachokera ku Dowa ali mnyamata ndipo anagwira ntchito pansi pa nthaka mpaka kupuma. Kumudzi sanabwererenso. Kumpingo kwawo, kumene kumasonkhana anthu ochokera kummawa, anali wopeka nyimbo za kwaya, koma sanalembepo ngakhale imodzi. Zonse zinali m'mutu. Tsopano chifuwa chinali chitawagwira, matenda a anthu akale a mumgodi, ndipo a kwaya anapempha kuti nyimbozo zijambulidwe zisanatayike. Makina a makaseti a kumpingo ankatafuna matepi. Chimene chinalipo ndi laputopuyo ndi maikolofoni yobwereka, yolowetsa pa kabowo ka USB.

"Akaimba nyimbo imodzi, apumula masiku awiri," anatero Mai Esinati. "Manje aimba, timvela, tipeza ni izi."

Ba Zulu anandipatsa ntchitoyo. Ndinachita zomwe ndinkadziwa. Ndinachotsa mavairasi. Ndinachotsa mapulogalamu a ku ofesi kuja amene ankadziyatsa okha kompyuta ikamadzuka. Ndinaitsegula pansi n'kupeza fani itatsekeka ndi fumbi lakuda loumbika ngati thonje. Ndinawonjezera memore, kachipangizo kothandiza kompyuta kufulumira, yochokera mu laputopu ina yakufa. Inayamba kuyaka msanga. Ndinatenga maikolofoni, ndinawerenga wani mpaka teni, ndinamvetsera, mawu anatuluka bwinobwino. Ndinawaimbira foni kuti abwere adzatenge.

Patatha mlungu anabweranso. Sanakalipe. Anaika laputopu pa kauntala, n'kukhala pa benchi.

"Atate anaimba nyimbo ya Pasaka yonse, mavesi yonse," anatero. "Poyamba ili bwino. Pakati yayamba futi kuduka. Kuchokela tsiku ija sakamba, angogona."

Kulakwa kunali kwanga. Ndinayesa kanthawi kochepa, pomwe vuto linkayamba munthu akajambula nthawi yaitali.

Madzulo a tsiku limenelo Ba Zulu anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Anatsegula mndandanda wina umene ndinali ndisanauonepo, wosonyeza zipangizo zonse za mkati mwa kompyuta, chilichonse ndi nambala yake. Anandifotokozera kuti purosesa, ubongo wa makinawo, siingamayang'ane chipangizo chilichonse nthawi zonse. Chipangizo chikafuna kuthandizidwa chimaitana kudzera pa mzere wake, ndipo purosesa imasiya zimene ikuchita n'kukachimvera. Mizere imeneyi amaitcha IRQ, ndipo m'makina akale ndi yowerengeka. Kiyibodi inali ndi wake. Wotchi inali ndi wake. Koma atafika pa leveni anaima n'kuimba mluzu.

Pa mzere umodzi umenewo panali chipangizo cha mawu, mabowo a USB, modemu, chipangizo cha sikirini, ndi kabowo ka m'mbali kolowetsamo makhadi.

"Mwaona?" anatero. "Bonse aba bali pa leveni. Mmodzi akaitana, purosesa ifunika kufunsa aliyense, ni iwe? ni iwe? Ikafika pa mawu, nthawi yapita."

Tinaganiza kuti tapeza, ndipo chotsala n'kungowagawa. Tinalowa mu bayosi, malo amene munthu amasinthira zinthu kompyuta isanadzuke. Munalibe zambiri: tsiku, nthawi, ndi poyatsira kapena kuzimitsa mabowo angapo. Tinazimitsa bowo la pulinta ndi ena awiri amene palibe ankawagwiritsa ntchito, kuti mizere yawo itsale yopanda kanthu. Inatsaladi yopanda kanthu, koma palibe chimene chinasamukirako. Zonse zinakhalabe pa leveni. Opanga laputopuyo analumikiza choncho pa bolodi penipeni, ndipo chimenecho sichisinthidwa ndi kiyibodi.

Mawa lake Ba Zulu anati tiyese njira ina, kuika pulogalamu yoyendetsa kompyuta mwatsopano, mwa kachitidwe kakale kamene kamalola munthu kugawa mizere pamanja. Ndinachotsa hadi disiki ya Mai Esinati n'kuisunga mu kabati, chifukwa munali nyimbo zoduka zija, ndipo ngakhale zinali zoduka, zinali zokhazo. Tinayesera pa disiki ina. Zinatitengera tsiku lathunthu, magetsi anazimanso pakati, ndipo mapeto ake anali oipa kuposa poyamba. Mabowo a USB anasowa. Laputopu inaleka kudzizimitsa yokha. Ba Zulu anaimirira, anadziwongola msana.

"Ni yakale," anatero. "Bwezelani disiki yao, mubauze zoona. Tili na nchito zina."

Sankalakwa. Pashelefu panali makompyuta asanu a kusukulu ina akudikira. Ndinapempha kuti andilole kuisunga mpaka Loweruka, ndiziiona ntchito zina zikatha. Anakweza mapewa.

Loweruka masana, shopu ili zii, nditabwezeramo disiki ya Mai Esinati, ndinayatsa laputopuyo n'kungoisiya. Sindinatsegule pulogalamu iliyonse. Ndinatsegula kawindo kosonyeza mmene purosesa ikugwirira ntchito, n'kumayang'ana ndikudya chinangwa chootcha. Kompyuta imene sikuchita kanthu, mzere wa pa kawindo kameneko umagona pansi. Uwu unali pakati, ukunjenjemera. Ndinayang'ana mndandanda wa mapulogalamu, palibe ndi imodzi yomwe imene inkaoneka yotanganidwa. Ndinagwira kunsi, kunali kotentha.

Pa wailesi, ukamva mluzu wosatha, sufunsa kuti mawaya achuluka bwanji. Umafufuza kamene kakulira. Ndinaganiza kuti mwina vuto si kuchuluka kwa oitana pa leveni, koma kuti mmodzi mwa iwo akuitana kosalekeza popanda chifukwa.

Ndinayamba kuwazimitsa mmodzimmodzi. Modemu: mzere sunasinthe. Mabowo a USB: chimodzimodzi. Chipangizo cha mawu: ayi. Nditafika pa kabowo ka makhadi ndinatembenuza laputopu kuti ndikaone bwino, ndipo ndinazindikira kuti chimene ndinkachiyesa chotsekera chinali khadi. Linali litalowa lonse, lofanana mtundu ndi laputopuyo. Ndinadina kabatani ka pambali, linatuluka, lopyapyala ngati bisiketi. Linali khadi la netiweki la ku ofesi kuja. Polumikizira chingwe panali potyoka, timano take titapindika n'kugundana.

Nditabwezera maso pa sikirini, mzere uja unali utagona pansi.

Panali chinanso chimene ndinachipeza tsiku lomwelo. Chifukwa cha kusokonezeka kwa nthawi yaitali, kompyuta inali itaika disiki pa kayendedwe kapang'onopang'ono, kamene purosesa imanyamula yokha kachidutswa kalikonse kolembedwa. N'chifukwa chake mawu ankayamba bwino, n'kumaduka disiki ikayamba kulemba zambiri. Ndinaibwezera pa kayendedwe kake koyenera.

Ulendo uno sindinawerenge mpaka teni. Ndinaika maikolofoni patsogolo pa wailesi, ndinajambula mpira wonse umene unkaulutsidwa masana amenewo, ndi nthawi yopumira yomwe. Kenako ndinaumvetsera wonse kuyambira poyamba, ngakhale ndinkadziwa kale amene wapambana. Sunaduke paliponse.

Lolemba ndinaonetsa Ba Zulu khadilo. Analitembenuza kawiri, anayang'ana mndandanda uja. Zinayi zotsalazo zinali pa leveni pomwepo, ndipo zinkagwira ntchito bwinobwino.

"So kugawana sikunali mulandu," anatero. "Ni aka kamene kanali kofuntha." Analiponya mu katoni ya zinyalala.

Laputopu ndinakapereka ndekha ku Ndola Lamlungu lotsatira. Ndinkafuna kukhalapo pojambula, kuti ikadukanso ndione ndi maso anga. Nyumba ya ku Kawama inali ya zipinda ziwiri, ndi mtengo wa mapeyala pabwalo. A Mbewe anali pampando pafupi ndi zenera, atafunda bulangeti ngakhale kunali dzuwa. Anali aatali, owonda, ndipo kupuma kwawo kunkamveka munthu ali pakhomo.

Ndinawapatsa moni. Anandiyang'anitsitsa.

"Ndinu wa kuti, bambo?"

"Wa ku Mchinji."

"Tanenaninso."

"Ndati ndine wa ku Mchinji."

"Ayi, nenani chilichonse. Nenani za ulendo wanu."

Ndinawafotokozera za minibasi, za mvula ya kwathu, za mtengo wa fodya, iwo atatseka maso. Sankatsatira nkhaniyo. Ankangofuna kumva kalankhulidwe ka kumudzi. Mai Esinati anachita kuwakumbutsa chimene ndinabwerera.

Anaimba nyimbo ya Pasaka ija kachiwiri. Mawu awo anali aang'ono koma osaphonya. Pakutha pa vesi lililonse ankaima, kugwira pachifuwa, kudikira, ine n'kumayang'ana mzere wa purosesa osati iwo. Atamaliza ndinawaveka mahedifoni. Anamvetsera yonse osagwedezeka. Kenako anawavula.

"Yatuluka yonse," anatero. "Koma woimbayo ndi nkhalamba."

Kuyambira pamenepo ndinkapita ku Kawama Lamlungu lililonse. Palibe anandituma. Laputopu inali bwino ndipo Mai Esinati akanatha kujambula okha, koma a Mbewe ankafunsa za ine, ndipo ku Chimwemwe Lamlungu kunalibe chochita koposa kuchapa. Tinkajambula nyimbo imodzi patsiku, nthawi zina theka. Ankayamba ndi mawu otsogolera, kenako ankang'ung'udza a besi kuti a kwaya adzadziwe polowera. Masiku ena ndinkafika n'kupeza kuti sangathe, ndiye tinkangokhala. Sitinamalize zonse. Mai Esinati anali ndi mndandanda wa mitu ya nyimbo m'kope, ndipo imene tinaichonga sinafike theka.

Lamlungu lina, nditakonza maikolofoni, anati lero saimba. Anati ali ndi mlongo wawo, Nambewe, kumudzi kufupi ndi Mponela, amene anamusiya asanakwatiwe. Makalata analeka kalekale. Ankafuna kumulankhula. Anatipempha kuti tituluke, ndipo tinakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka anagogoda pazenera. Mai Esinati anaika mawuwo pa CD, analembapo dzina la mudzi ndi cholembera chakuda, n'kundipatsa.

"Imwe muzapita kumudzi," anatero. "Ise sitiziwa njila."

A Mbewe anamwalira mvula itangoyamba. Ndinapita kumaliro. A kwaya anaimba nyimbo ziwiri mwa zomwe tinajambula, ndipo pena anaimba mosiyana ndi mmene mwiniwake ankaimbira.

Chaka chotsatira ndinabwerera kwathu. Anthu anali atayamba kubweretsa mafoni m'malo mwa makompyuta, Ba Zulu ankafuna kusintha shopu, ndiponso mayi anga ankadwala. Anzanga a ku Chimwemwe anandiperekeza pokwerera basi, wa kaunjika uja anandipatsa jekete limene linali lisanagulidwe miyezi itatu.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga ali ndi benchi yake ya tomato pamsika, akudziwa yekha nthawi yogula ndi yogulitsa, ndipo sankafunsa maganizo anga pa chilichonse, osati mwa mwano, koma poti anali atazolowera. Mwana wanga anali atayamba sukulu. Ankandipatsa ulemu ngati mlendo wa kutchalitchi, ndipo ndikalankhula ankathamangira kuseri kwa nyumba kukaseka. Ndinachita kufunsa amayi ake chimene chikumuseketsa. Akuti m'malo moti tsopano, ndimangoti manje, manje.

Ku Dowa ndinapita patatha mwezi, nditabwereka kawailesi ka CD ndi kugula mabatire. Mudziwo ndinaupeza mosavuta. Nambewe anali pakhonde akusenda mtedza m'lichero, mayi wokalamba, wamtali ngati mlongo wake. Ndinadzifotokoza. Za imfa anali atamva kale kudzera kwa anthu a mpingo. Anandiyalira mphasa. Ndinawauza chimene ndabweretsa, ndipo anangoti, "Yatsani."

Ineyo ndinali ndisanamvepo zimene zinali pa CD imeneyo. Munayamba kupuma kuja, kenako mawu.

"Nambewe, ndine. Muli bwanji kumeneko?"

Panatsatira kachetechete. Ndinaganiza kuti ndi chifuwa chimene chinawaimitsa. Koma Nambewe anasiya mtedza, n'kuyankha.

"Tilipo."

A Mbewe anafunsa za malume awo, n'kudikira.

"Anamwalira," anatero Nambewe.

Anafunsa za mnzawo wina amene ankaweta naye ng'ombe.

"Anamwaliranso."

Anafunsa za mng'ono wawo wotsiriza.

"Alipo. Saona."

Zinapitirira choncho. Funso lililonse linali ndi mpata wake pambuyo, wokwanira yankho. Anafunsa za dimba la kudambo, za chitsime, za denga la tchalitchi. Kenako anayamba kufotokoza za moyo wawo, za mgodi, za mkazi wawo amene anatsogola, za ana, za chifukwa chimene chaka chilichonse ankati abwera chaka chamawa. Apa lilime linayamba kuwaterera. Ankayamba chiganizo m'Chichewa n'kuchimaliza m'Chibemba osazindikira. Nambewe ankakweza dzanja, ine n'kuimitsa.

"Akuti chiyani pamenepo?"

Ndinkamasulira, n'kuyatsanso. Tinatero kambirimbiri. Pena a Mbewe anayamba kuseka nkhani yawo yomwe, kusekako n'kusanduka chifuwa. Nambewe anati ndibwezere pamenepo. Ndinabwezera katatu.

"Apo ndiye ndi iyeyo," anatero. "Kwinaku ndikumva munthu wachilendo."

Chakumapeto mawu anachepa mphamvu. Anatchula ana a mlongo wawo amene sanawaonepo, anapepesa posadziwa mayina awo. Kenako anati, "Shalenipo," ndipo CD inatha.

"Limenelo ndiye kuti chiyani?"

"Akuti tsalani bwino."

Nambewe anayang'ana kawailesiko.

"Mukawauze kuti..." Anaima. Anayang'ana ine, anayang'ana kumsewu. "Ayi. Basi."

Anakoka lichero n'kuyambanso kusenda. Ndinakhala nawo pang'ono, ndinasenda nawo mtedzawo mpaka unatha, kenako ndinatsanzika kuti ndikapeze galimoto ya ku Mponela dzuwa lisanapendeke.